Nyenyezi Zinayi

Leveni koloko amachoka,
fili koloko ena amafika,
ndipo m'maola anayi apakatiwo ndi momwe ndimakhala ine,
Deolinda, ndi tsache, ndi ndowa ya thovu,
m'chipinda chimene ndinabadwiramo.

Masitepe makumi anayi ndi awiri.
Mawondo anga amawadziwa onse mayina.
Ndimatsika ndi nsalu zonunkha tulo ta eni ake,
ndimakwera ndi zoyera.
Tsitsi la munthu wa ku Norway ndalizula m'kabowo ka m'bafa,
vinyo watsala theka m'botolo,
pansi pa bedi sokosi imodzi, yamasiye.

Pawindo mtsinje wa Douro ukudutsa osandicheukira.
Alendo amalipira kuti auone.
Ine ndimangoupukuta pagalasi.

Foni yalira m'thumba la epuloni.
Kusukulu: Fausto wamenyanso mnzake.
Yalira: a kubanki, mawu aulemu ngati mpeni wonoledwa bwino.
Yalira: "Tafika msanga, tingalowe?"
Ndatumiza kankhope kachikasu komwetulira
uku mano anga enieni ndikukukuta.

Amati mlendo ndi mame.
Anga amagwa ndi masutikesi amatayala,
gudugudu pa miyala ya mumsewu,
akakamuka awa, ena agwa kale.

Pansi, pafupi ndi khitchini,
bambo anga a Albano akusaka chipewa chimene avala.
Zaka makumi atatu anayendetsa kasitima ka mumsewu
kutsata mtsinje mpaka kunyanja, osaphonya pokwerera,
lero njira ya kuchimbudzi imawazungulira.
Mapiritsi awiri oyera m'mawa, limodzi lofiira usiku.
Chipinda cham'mwamba ndicho chimawagula.
N'chifukwa chake ndimagona pampando wautali,
mapazi ali lende.

A Belmiro a tsidya la msewu anasiya kundipatsa moni.
Akuti ndife tinathamangitsa wophika buledi ndi wosoka nsapato,
akuti msewu wonse wasanduka tibokosi ta makiyi.
Sakunama.
Koma za ngongole ya denga sanandifunsepo.

Lachinayi, cha m'ma thu koloko usiku,
ndinadzidzimuka. Pabedi pa bambo palibe munthu.
Ndinakwera masitepe opanda nsapato, mtima uli m'mwamba,
ndipo, Mulungu andikhululukire,
ndinali nditayamba kale kuwerenga nyenyezi zimene zithothoke.

Ndinawapeza pa sitepe yomaliza
ali ndi mtsikana wa ku Korea uja, Hye-rin,
atawafunditsa bulangete limene ndinamuyalira iyeyo.
Ankamuitana kuti Ilda, dzina la malemu mayi,
ankamufunsa ngati wanula zovala pachingwe
poti kukubwera mvula.
Iye sankamva liwu ndi limodzi lomwe.
Ankangogwira dzanja lawo,
n'kumayankha m'chinenero chakwawo, motsitsa,
ndipo bambo anakhutira nalo yankholo,
chinthu chimene ine ndalephera chaka chonse.

Ndinayamba kupepesa. Anaika chala pakamwa.
Tinakhala choncho atatu, matako atazizira,
mpaka mbalame za kunyanja zinayamba kukangana padenga.

Loweruka anachoka ndili pamzere kuchipatala.
Makiyi m'kabokosi.
Nsalu za pabedi atapinda yekha, ngodya ndi ngodya.
Patebulo malalanje atatu, popanda kalata.

Madzulo foni inalira.
Nyenyezi zinayi.
"Nyumba yabwino. Madzi otentha amachedwa."

Ndinaseka mpaka Fausto anavula zomvera m'makutu
kudzaona ngati amake apenga.
Amachedwadi madziwo, chichokereni mwamuna wanga
ndi sipanala yake yomwe.
Za mkulu woyenda usiku m'masitepe sanalembe kanthu,
anazisiya m'nyumba muno, pamodzi ndi malalanje.

Limodzi ndinawasendera bambo.
Anafunsa kuti Ilda wapita kuti.
Ndinati kumsika.

Mawa afika anayi a ku Lyon, ali ndi khanda.
Kabedi kake ndikabwereka kwa a Belmiro,
ngati anganditsegulire.